Mizere yakuya si umboni woti tayala likadali bwino

Akonzi,

Tiloleni tiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu funso limene eni galimoto safuna kulisiya akafika kwa amisiri a matayala: "Matayala angawa mizere yake ikadali yakuya, koma akhalitsa. Ndisinthe kapena ndiziyendabe?" Funsoli lachuluka chifukwa galimoto zambiri zolowa m'dziko muno ndi zoti zinayendapo kale ku Japan. Vitz, Passo, Sienta kapena Mira imafika itayenda makilomita ochepa, matayala ake akuoneka ngati a dzulodzulo, wogulitsa n'kuwapakanso mankhwala onyezimira. Vuto lomweli lili ndi galimoto ya agogo imene imangotuluka Lamlungu popita kutchalitchi, ndi ija inaimikidwa pabwalo mwini wake ali ku Joni.

Tayala limatha m'njira ziwiri. Yoyamba aliyense amaidziwa: labala amadyeka ndi msewu mpaka mizere kufafanizika. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yakuya mamilimita 7 kapena 8, ndipo m'kati mwa mizeremo muli timizere topingasa totumphuka mamilimita 1.6. Labala akadyeka n'kulingana ndi timeneti, basi latha. Njira yachiwiri ndi ukalamba wa labala mwiniwakeyo, ndipo umenewu umayenda kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Ndi umenewu umene ukupusitsa anthu.

Pansi pa mizere pali malamba awiri a waya wachitsulo, wina pamwamba pa mnzake, ndipo chowamata ndi kalabala kopyapyala kwambiri. Mpweya umene timapopa uli ndi okosijeni, ndipo okosijeniyo sakhala chete m'katimo. Amalowerera pang'onopang'ono kudutsa khungu la m'kati mpaka kukafika pa kalabala kaja, iko n'kumauma, kusiya kutanuka. Malo amene amavutika kwambiri ndi paphewa pa tayala, pamene malamba aja amathera, chifukwa ndi pamene pamapindika ndi kutentha kwambiri. Pamenepo pamayamba kamng'alu kosaoneka kunja. Tsiku lina galimoto yadzaza, dzuwa likuswa mtengo, liwiro lili pa 100, mng'alu uja umazungulira tayala lonse, lamba wapamwamba n'kumatuka pamodzi ndi mizere yake. Chidutswa chotsala pamsewu mukachitola mupeza mizere yake ili yakuya bwinobwino. Likakhala la kumbuyo, galimoto imapotoza matako ndipo zazitali monga minibasi ndi ma pikiapu sizichedwa kugubuduzika.

Kunja nako dzuwa ndi ozoni (mpweya wina wa mumlengalenga umene umawononga labala) zimagwira ntchito yake. Opanga amasakaniza phula longa la makandulo ndi mankhwala oteteza m'labala, ndipo zimenezi zimatulukira pamwamba tayala likamapindika poyenda. Mtundu wofiirira umene nthawi zina umaoneka m'mbali mwa tayala ndi mankhwala amenewa, si matenda ayi. Tayala longoima silipindika, choncho chitetezo cha pamwamba chikatha sichibwereranso msanga. Taonani lamba wa chubu amene akabaza amamangira katundu: wogwira ntchito tsiku ndi tsiku amakhala wofewa, koma woiwalidwa padenga miyezi ingapo amaduka pongomukoka kamodzi. N'chifukwa chake mawu akuti "galimotoyi sinkayendayenda" sayenera kukukhazikani mtima pansi pa nkhani ya matayala.

Zaka za tayala zalembedwa pa tayala pomwepo, ndipo kuziwerenga sikulira ndalama. Yang'anani m'mbali, pafupi ndi limu, pamene pali zilembo DOT zotsatizana ndi zilembo zina ndi manambala. Manambala anayi omaliza, amene kawirikawiri amakhala m'kabokosi kozungulira, ndiwo tsiku lobadwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2318, tayala linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2018, kumayambiriro kwa Juni. Mukaona 1214, ndi la Malichi 2014, ndipo zaka 10 linakwanitsa mu Malichi 2024. Manambalawa nthawi zambiri amadindidwa mbali imodzi yokha, ndiye akasowa kunja, gonani pansi ndi tochi muwafune mbali ya m'kati. Matayala ena ogulitsidwa ku Japan komweko sakhala ndi zilembo DOT, koma manambala anayi aja amakhalapo ndithu, kutsogolo kwake kuli chilembo chimodzi kapena zingapo, monga X4719. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, ndipo palibenso zokambirana. Werengani onse asanu, sipeya yomwe, chifukwa si kawirikawiri kuti akhale a msinkhu umodzi.

Nanga malire ndi zaka zingati? Apa opanga matayala ndi opanga galimoto amasiyana pang'ono. Michelin imati tayala likagwira ntchito zaka 5 lizionedwa ndi mmisiri kamodzi pachaka, ndipo likafika zaka 10 chipangidwire lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Bridgestone ndi Continental nawonso malire awo ndi zaka 10. Ford ndi Mercedes-Benz amati zaka 6. Mabuku a Toyota amati tayala lililonse lopitirira zaka 6 liyenera kuonedwa ndi mmisiri wodziwa, ngakhale litakhala kuti silinagwirepo ntchito. Ena amati zonsezi ndi nzeru za amalonda kuti tizigula pafupipafupi. Sitikana kuti amalonda amapindula, koma nkhaniyi inakula chifukwa cha maliro. M'chaka cha 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America atamatuka pa galimoto zambiri za Ford Explorer, ndipo ngozi zochuluka zinachitika m'madera otentha a dzikolo. Bungwe la boma la kumeneko loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, pofufuza za ukalamba wa matayala linakatola matayala ake ku Phoenix, Arizona, umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri.

Kutentha ndiye mfundo yotikhudza ife. Akatswiri amawerengera mwachidule kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kwa mtundu umenewu kumathamanga pafupifupi kawiri. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ndipo tala imatentha kuposa pamenepo. Tayala lokhala ku Nchalo, ku Salima, ku Mangochi kapena ku Karonga silingakalambe mofanana ndi la ku Dedza kapena ku Mzuzu, ngakhale linatuluka m'fakitale tsiku limodzi. Onjezerani maenje a m'misewu yathu, amene amaphwanya ulusi wa m'kati, ndi chizolowezi chathu chopakira mopyola muyeso. Zaka 10 zija ndi denga, si lonjezo, ndipo kwathu kuno matayala ambiri sayenera kufika nazo.

Tsopano kayezedwe kake. Imikani galimoto pamalo osalala, powala. Tsukani matayala ndi madzi ndi sopo wamba kuti mankhwala onyezimira ndi dothi zichoke, chifukwa zonsezi zimabisa ming'alu. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti muone mbali ya m'kati ya matayala a kutsogolo. Ming'alu muifune malo atatu: m'mbali, pafupi ndi limu, ndi pansi penipeni pa mizere. Malo achitatuwa ndi amene anthu amaiwala, koma ndiwo ali pafupi ndi mawaya. Timing'alu tonga tsitsi tongokhala pamwamba ndi chenjezo chabe. Kanikizani labala ndi chala chachikulu: mng'alu ukatseguka kukamwa, chikhadabo chikalowamo, kapena mukaona ulusi pansi pake, tayalalo lichoke lero. Chotupa m'mbali, ngakhale chaching'ono ngati dzira la nkhunda, chikutanthauza kuti ulusi waduka ndipo chikugwira mpweya ndi labala yekha. Chimenecho sichimatidwa ndi chigamba, ndipo kulowetsamo chubu n'kungobisa vuto.

Kenako kwezani gudumu ndi jeke, mutatsekera magudumu enawo ndi miyala. Ikani njerwa pansi, kutalikirana ndi mizere ngati chala chimodzi, ndipo zungulizani gudumu pang'onopang'ono mukuyang'ana mpatawo. Mpata ukamakula n'kuchepa pamalo amodzi, kapena mizere ikamakhotakhota m'malo moyenda molunjika, malamba ayamba kumatuka. Pitirizani dzanja pamwamba pa mizere mutavala magolovesi, poti waya wotuluka amacheka. Pamsewu chizindikiro chake ndi ichi: chiwongolero chikamagwedezeka kapena galimoto ikamatsimphina pa liwiro laling'ono la 20 mpaka 40, ganizirani malamba. Kunjenjemera kongoyamba pa 80 kapena 100 nthawi zambiri ndi balansi. Galimoto ikaima nthawi yaitali matayala amaphwatalala pamene anatsamira pansi, ndipo kudumphadumpha kwake kumayenera kutha mukayenda makilomita 15 kapena 20. Kukapitirira masiku angapo, tayalalo silibwereranso mwakale.

Mpweya nawo umaulula. Tayala labwino limataya pafupifupi 0.1 bar (muyeso wa mpweya umene timawerenga pa geji) pamwezi. Lina likamataya kuposa anzake popanda msomali, thirani madzi a sopo pa valavu ndi pamene labala wakumana ndi limu, muone thovu. Ndipo ngati mwatsimikiza zosunga tayala la zaka 6 kapena kuposa, lipirani kandalama kochepa kuti alichotse pa limu muone m'kati. Ufa wakuda kapena nyenyeswa za labala m'katimo ndi umboni woti linayendapo lopanda mpweya ndipo m'mbali mwake munapsa. Onaninso zigamba. Bowo losapitirira mamilimita 6 pakati pa mizere limakonzeka, koma la paphewa kapena m'mbali ayi. Kachingwe kaja amakabaya kuchokera kunja osachotsa tayala kamathandiza kuti mufike kunyumba, koma kakakhalitsa nthawi zina kamalowetsa madzi, mawaya n'kuchita dzimbiri mwakachetechete.

Mukaona zonsezi, chigamulo chathu n'chotere. Tayala losakwana zaka 5 lopanda chilema musalitaye, ngakhale wamalonda akuopsezeni bwanji. La zaka 10 lichoke, ngakhale tiubweya ta ku fakitale tikadalipo. Pakati apa ndi pamene pamafunika kuona ntchito ya galimotoyo. Yoyenda maulendo ataliatali pa M1 kapena pa M5 ya kunyanja, yonyamula anthu kapena katundu, yokhala kuchigwa kotentha, yotsika Thabwa, Chiweta kapena Khwekhwerere mabuleki akutenthetsa malimu, isinthe pa zaka 6, ikachedwetsetsa 7. Yongozungulira m'tauni pa liwiro la 50 kapena 60, yogona pamthunzi, imene yapambana mayeso onse tatchulawa, ingathe kufika zaka 8, bola izionedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Koma mwini wake adziwe zinthu ziwiri. Labala wouma sagwira msewu wonyowa, ndipo mvula yoyamba ya Novembala ikagwa pa tala yodzala fumbi ndi mafuta, galimoto imakaima patali kuposa mmene anazolowera, ngakhale m'tauni momwemo. Chachiwiri, galimoto "ya m'tauni" ndi yomwe imadzazidwa anthu ndi matumba a chimanga tsiku la maliro kumudzi, ndipo tsiku limenelo palibe amene amakumbuka zowerenga manambala.

Pali mtundu wina wa matayala obwera ndi galimoto za ku Japan umene zaka zake sizifunika n'komwe kuwerenga. Mukaona mawu akuti STUDLESS, kapena chithunzi cha phiri la nsonga zitatu muli kanyenyezi ka chipale, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx, amenewo ndi a nyengo ya chisanu. Mizere yake ndi yakuya kuposa ya wamba, yodzala timing'alu tambirimbiri topangidwa dala, ndipo ambiri amawakonda poganiza kuti ndi olimba pamatope. Labala wake anapangidwira kuzizira kosapitirira madigiri 7. Pa tala yotentha amafewa, galimoto imayandama pokhota, ndipo pamsewu wonyowa imachedwa kuima. Ambiri a iwo ali ndi chilembo Q, kutanthauza liwiro losapitirira 160, pamene a wamba amakhala S, T kapena H. Kuno sitikuona chifukwa chowasungira.

Sipeya ndiye nkhalamba ya onse. Nthawi zambiri ndi yomwe galimoto inabadwa nayo, ndipo yopachikidwa kunsi kwa pikiapu kapena pachitseko cha kumbuyo yamwa dzuwa, matope ndi kutentha kwa ekizozi zaka zonsezo. Kasipeya kowonda kaja kamafuna 4.2 bar ndipo sikayenera kupitirira liwiro la 80. Ambiri amakatulutsa koyamba usiku pamsewu n'kupeza kuti mulibe mpweya.

Chimene chimatidandaulitsa kwambiri ndi kusintha kolakwika. Munthu wamva kuti matayala ake akalamba, wafunsa mtengo wa atsopano, mutu wazungulira, wapita pa kaunjika. Kumeneko wasankha a mizere yakuya, osawerenga manambala, n'kubwerako ndi a zaka 11 atasiya ake a zaka 7 amene ankadziwa mbiri yake. Ndalama yapita, ngozi yakula. Ngati thumba likukukakamizani kugula a kaunjika, werengani chaka pa tayala lililonse palokha, lionedwe m'kati lisanavekedwe pa limu, ndipo musatenge lopitirira zaka 4 kapena 5. Pamene manambala apalidwa kapena kufufutidwa, chokanipo. Chenjeraninso ndi mizere yojobanso ndi mpeni wamoto: pansi pake pamakhala pokhakhala, m'lifupi mwake simufanana, ndipo timizere topingasa tija timasowa. Kujobanso n'kololedwa pa matayala a malole olembedwa REGROOVABLE okha. Pa la galimoto yaing'ono mpeni umafika pafupi ndi waya.

Ngakhale m'sitolo ya atsopano werengani chaka. La chaka chimodzi kapena ziwiri losungidwa m'nyumba pamthunzi lilibe vuto. La zaka zitatu kapena kuposa, kapena limene lakhala likuyalidwa pakhonde padzuwa tsiku ndi tsiku, nenererani mtengo kapena pitani kwina. Onetsetsani manambala a kukula ndi a katundu. Pa 175/65R14 82S, 82 akutanthauza makilogalamu 475 pa tayala limodzi. 84 ndi 500, 88 ndi 560, 91 ndi 615. Musatsike pa nambala imene wopanga galimoto analemba. Hiace imafuna matayala a chilembo C, monga 195R15C 106/104, amene limodzi limanyamula makilogalamu 950. Kuiveka a galimoto yaing'ono chifukwa choti alowa pa limu ndiko kuika anthu 15 pa matayala osawakwanitsa.

Ndalama ikakwana awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo. Tikudziwa kuti madalaivala ambiri amatsutsa zimenezi. Koma kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva m'manja n'kuchepetsa liwiro, pamene kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira asanadziwe chochita. Awiri a pa ekiselo imodzi akhale a mtundu ndi kukula kofanana, ndipo galimoto yokoka ndi magudumu onse anayi nthawi zonse imafuna kuti onse anayi afanane, apo ayi mumawononga zitsulo zogawa mphamvu, zomwe mtengo wake umaposa wa matayala. Valavu isinthidwe pamodzi ndi tayala, pakuti nayonso ndi labala wa msinkhu womwewo. Apange balansi, aone alayimenti, ndipo matayala okhala ndi muvi m'mbali avekedwe muviwo ukuloza kumene gudumu limazungulira. Manati asapondedwe ndi mwendo pa chipaipi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimafuna 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira manati pa sipanala yoyezera), ndipo muwayesenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100.

Kuti atsopanowo asakalambe msanga, nkhani yaikulu ndi mpweya. Muyeso wake uli pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, nthawi zambiri 2.2 mpaka 2.5 bar pa galimoto zing'onozing'ono. Nambala yolembedwa pa tayala ndi malire a pamwamba, si yopopera. Yezani kamodzi pamwezi m'mawa galimoto isanayende, kapena itaima maola atatu, ndipo musaphwetse tayala lotentha poona kuti geji yakwera, chifukwa likazizira likhala loperewera. Tayala loperewera mpweya limapindika kwambiri, limatentha, ndipo kalabala ka pakati pa malamba kaja kamapsa msanga. Galimoto yokhalitsa iziyendetsedwa makilomita 10 kapena 15 pa masabata awiri alionse. Oilo wakutha, dizilo ndi polishi wa nsapato asayandikire m'mbali mwa tayala. Osungidwa m'nyumba akhale pamdima, kutali ndi jenereta, mota ya magetsi ndi makina owotcherera, chifukwa zimenezi zimatulutsa ozoni.

Kwa a Road Traffic ndi a Malawi Bureau of Standards tili ndi pempho. Ku Britain, mu Seputembala 2012, basi inachita ngozi pamsewu wa A3 ku Surrey n'kupha anthu atatu tayala la kutsogolo litaphulika. Tayalalo linali ndi zaka zoposa 19, ndipo mizere yake inali yololedwa ndi lamulo. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2021 dzikolo linaletsa matayala opitirira zaka 10 kutsogolo kwa malole ndi mabasi, komanso pa magudumu onse a maminibasi amene sanaikidwe awiriawiri. Kumeneko n'kozizira. Ife tikupempha kuti poyeza COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ya minibasi, basi ndi galimoto zonyamula ana a sukulu, woyeza azilemba manambala anayi aja a tayala lililonse papepala. Sizilira makina, ndi tochi ndi cholembera basi. Apolisi a pamsewu nawonso, pamene akugogoda tayala ndi nsapato pa rodibuloko, angathe kuwerama pang'ono n'kuwerenga.

Chomaliza ndi tayala lochotsedwalo. Mukalisiya lathunthu pamalo osinthira, mizere yake yakuya ija ilipezera kasitomala wina mawa lomwe, mwina minibasi imene mwana wanu amakwera. Lichekeni m'mbali ndi mpeni, mng'alu wotalika ngati chikhatho, musanachoke. Opanga nsapato, zingwe ndi mabeseni a labala adzalilandirabe lili choncho. Mukapita nalo kunyumba, libooleni kuti lisasunge madzi a mvula, pakuti udzudzu umaswana m'menemo, ndipo musaliotche pafupi ndi nyumba.

Amisiri a matayala,
Lilongwe